Shawa ya mwana yakupeza utashota? Nazi zomwe ine ndimanyamula

Za bebi shawa, phwando lopatsa mphatso mayi woyembekezera, zafika ndithu kuno ku Mchinji, sizakutauni zokha ayi. Kale tinkangoziona pa Facebook kwa anzathu a ku Lilongwe, koma pano kaya ndi pa boma, pa Kamwendo, ku Kapiri ngakhale ku Mkanda, umangomva foni yalira, akulowetsa pa gulupu ya WhatsApp osakufunsa n'komwe, chithunzi cha gulupu ndi kamwana kachizungu kali mtulo mu basiketi. Kenako uthenga wautali uja: tsiku ndi lakuti, aliyense asonkhe zakutizakuti za keke, mabaluni ndi wojambula, tonse tivale zoyera ndi pinki, mwini wake asadziwe ndi sapulaizi, ndiye kumapeto kwenikweni, "osaiwala mphatso asisi." Eya, mphatso ndi yapadera, siili m'kati mwa chosonkha chija. Ukaphatikiza chosonkha, kadiresi ka pinki koti mwina ulibe, thiransipoti ndi mphatsoyo, umapeza kuti shawa ya mnzako yadya ndalama ya ndiwo ya mwezi wathunthu.

Ndipo ndalama yake iti? Kwacha anaigwetsa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chiyambire pamenepo chilichonse chochokera kunja, mapampasi, mafuta odzola, tizovala ta mu shopu, chimangokwera osatsikanso. K5,000 ija itangotuluka mu 2022 tinkachita kuiopa, lero kulowa nayo mu golosale umatuluka ndi kajumbo kopepuka. Komanso kwathu kuno ndalama ili ndi nyengo yake. Shawa ikachitika mu Juni kapena Julayi anthu atagulitsa soya, mtedza ndi fodya, bola, manja amakhala ofewa. Koma mimba siidziwa kalendala ya ulimi, mwana wina amasankha kubwera mu Febuluwale, ndalama yonse italowa ku feteleza, fizi ya ana isanathe, chimanga pa msika chili pamtengo wosayamba.

Ine sindidana ndi shawa, ndimapita, ndimavina, keke ndimadya. Chomwe ndimakana ndi kukatenga katapila chifukwa cha tebulo la mphatso. Tebulo lija ndi la chithunzi basi. Zambiri zomwe zimaoneka bwino pamenepo, kasuti kokhala ndi tayi, tinsapato tolimba ta mwana woti sayenda, chidole chachikulu kuposa mwanayo, mapampasi osanjidwa mozungulira n'kumangidwa riboni, sizimene mayi amazifuna usiku wachitatu atachira, mwana akulira, matewera onse anyowa, iye msana ukuphwanya. Masabata oyambawo ntchito yake ndi kufunditsa, kuchapa ndi kudya, ndipo mukaonetsetsa, kuchapa ndi kudyako ndi nkhani ya mayi ndi amene akumusamalira, osati khanda. Mphatso yotchipa koma yothandiza muisake kumeneko.

Pali kaye nkhani ya akuluakulu. Azakhali anga mpaka lero akamva za shawa amangogwira pakamwa: "Iwe, mwana amamugulira zovala asanabadwe? Mwamuona? Musatilaule." Kwa iwo mimba siyolengeza ndi mabaluni. Ikakhala yoyamba anamkungwi amamulangiza wapakatiyo pa chisamba, zatha, ena tonse timadikira. Akachira amakhala m'chikuta mpaka mchombo utagwa, m'pamene anthu amabwera kudzaona mwana, uyu kambale ka ufa, uyu mtolo wa nkhuni, uyu sopo, uyu kandalama kofumbatitsa khanda m'dzanja. Tikhoza kuseka kuti ndi zachikale, koma muli nzeru m'menemu. Si mimba yonse imene imatha ndi nthungululu, ndipo mayi amene wabwerako kuchipatala chimanjamanja, kufika kuchipinda n'kupeza tizovala tating'ono tili mbwee pabedi, maliro amayambiranso. Nde ine ndimayenda pakati. Pa shawa ndimapereka zinthu zoti ngakhale apongozi ake ataziona sangati mwalaula: zitenje, beseni, sopo, ufa. Kachipewa ndi tizovala ndimasunga kwathu, ndimakapereka ndikamva kuti achira. Ubwino wake wina, ndalama siituluka tsiku limodzi, umaigawa pawiri.

Choyamba kuchita, chaulerenso, ndi kufunsa. Kusikelo amayi oyembekezera amauzidwa zoti akonzeretu, ndipo kawirikawiri pamakhala zitenje zingapo zochapa bwino, beseni, pepala lapulasitiki lakuda lija loyala pabedi, lezala latsopano, ndi tochi kuopa magetsi akathima. Zimasiyanako malo ndi malo, ndiye m'funseni mwini wake chomwe chatsala, kapena ngati ili sapulaizi funsani mng'ono wake kaya bambo a kunyumba. Mudabwa kuti munthu amene tikumukonzera keke ya masitepe awiri alibe ngakhale pepala lakudalo. Amene amakhala kutali ndi chipatala amauzidwa kukakhala kuchidikiro masiku akayandikira, ndipo kumeneko sapita yekha, amapita ndi mayi ake kapena apongozi, anthu awiri oti adye, aphike, achape, mwina masabata awiri mwina kuposa. Palibe amene amawaganizira agogo amenewa pa shawa. Kathumba ka ufa, nyemba, mchere, kabotolo ka mafuta ophikira ndi machesi, mwawapulumutsa kuposa mmene mukuganizira.

Chitenje ndiye sichitha fasho. Mayi wakhanda zitenje sizimukwana, china choberekera, china chofunditsa, china choyala, china amanga iye mwini pamimba, zina ziwiri zili pachingwe. Koma si chitenje chilichonse. Zonyezimira zoterera zija zadzadza pa msika, zokongola pa kamera, zambiri ndi nayiloni, sizimwa madzi, zimatentha, ndipo ukabereka mwana mfundo imangomasuka yokha. Sakani cha thonje. Chigwireni pakona, muchifinye m'dzanja mwamphamvu n'kuchisiya: cha thonje chimatsala ndi makwinya, cha nayiloni chimabwerera mwakale ngati palibe chachitika. Amayi ogulitsa nsalu kuno ena amakapikula ku Chipata kudutsa pa Mwami, ena ku Lilongwe, ndipo nsalu yathunthu ya mayadi 6 imatuluka zitenje 3, ndiye mukagwirizana atatu kugula yathunthu n'kudula mtengo umatsikako kusiyana ndi kugula chimodzichimodzi.

Ntchito yeniyeni ili kunyumba. Chitenje chochoka pa msika chimakhala chouma gwa ndi sitalichi, chimakanda khungu la khanda, n'chifukwa chake ambiri amangochiponya mu sutikesi mpaka mwana atayamba kukwawa. Chinyikeni m'madzi usiku wonse, chapani mobwereza mpaka utoto wosuluka uthe ndipo chifewe, pindani ndi singano m'mphepete modulidwa muja kuti ulusi usamasosoke n'kukola tizala ta mwana, kenako sitani. Chimenecho chigwira ntchito tsiku lomwelo. Ndinenenso china chomwe ena adana nacho: chitenje chakale cha thonje, chosang'ambika, chochapidwa bwino ndi kusitidwa, kwa khanda n'chabwino kuposa chatsopano. Mnzako wa pamtima ukhoza kumupatsa ziwiri zakale, chatsopano chimodzi pamwamba, sangakwiye. Koma kwa abwana a kuntchito, aaa, pamenepo ndiye musayerekeze kkkk.

Mapampasi ndi abwino, sindikana, makamaka usiku ndi pa ulendo. Koma khanda limasinthidwa mwina ka 8 kapena ka 10 pa tsiku, paketi yomwe mwatayira ndalama yanu yonse masiku angapo yatha, ndipo kotaya kwake ndi mutu wina, m'chimbudzi amadzadzitsa msanga, kudzala agalu amafukula n'kumwaza pabwalo la aneba. Thewera la nsalu limalera mwana uyu ndi mng'ono wake yemwe. Pa kaunjika pamapezeka mataulo akuluakulu okhuthala, limodzi limatuluka matewera awiri a masentimita 60 mbali zonse. Pitani nawo kwa telala wa pakhonde apinde m'mphepete, kapena sokani nokha pamanja madzulo mukumvera wailesi, kenako muwawiritse, muwayanike padzuwa. Bedishiti lofewa la thonje muduledule tizidutswa, tina toyala m'kati mwa thewera kuti kuchapa kusamavute, tina topukutira mwana ndi madzi ofunda m'malo mwa mawaipusi odula aja. Onjezani mapini a thewera okhala ndi chotsekera kumutu ndi kakabudula ka pulasitiki, mphatso yakwana.

Ilipo ina imene anthu amaiseka koma ine ndimaikonda kwambiri: chingwe choyanikira, mapegi ndi mtanda wa sopo. M'makomo ambiri zovala timayanika pa udzu, pa mpanda, pa tchire. Ntchentche ya mphutsi ija imaikira mazira pa nsalu yonyowa, makamaka ya fungo la mkodzo yoyanikidwa pansi kapena pamthunzi, kamphutsi kakaswa kamaboola khungu la mwana n'kukhala m'menemo, pamatupa, pamafiira, pakati pali kadontho kakuda, mwana osagona. Amene anaonapo khanda likufinyidwa mphutsi pamsana sangaseke chingwe. Mankhwala ake ndi kuyanika m'mwamba padzuwa ndi kusita mbali zonse, matewera omwe. Nde ngati nyumbayo ilibe simbi ya makala, sonkhani awiri kapena atatu mugule, idzasita mpaka yunifomu ya mwanayo akadzayamba sukulu.

Odziwa kuluka, apa ndi panu. Khanda limazizidwa msanga, kumutu makamaka, ndipo chisanu cha Juni ndi Julayi kuno sichocheza nacho. M'dziko mwathu muno ana obadwa masiku asanakwane ndi ambiri, ndipo m'zipatala amawasamalira mwa njira ya kangaroo ija, mwana kumugoneka pachifuwa pa mayi khungu lake likukhudzana ndi la mayiyo, atangovala thewera, chipewa ndi masokosi, n'kumanga chitenje. Ndiye kachipewa koluka si kongokongoletsa. Ulusi ukadula mu shopu gulani juzi yoluka pa kaunjika, muimasule, ulusiwo muukulunge pamsana pa mpando, muunyike m'madzi ofunda kuti uwongoke, ukauma mwapeza wokwana zipewa ndi masokosi angapo. Juziyo muiyese kaye pakhosi panu pompo pa msika, ikakuyabwani inu nanga khanda kuli bwanji. Musaike mikanda, mabatani kapena zingwe zazitali zomanga kukhosi, zimenezo ndi ngozi. Lukani zipewa ziwiri, china chaching'ono kwambiri, poti simudziwa abwera wamkulu bwanji.

Za tizovala ta kaunjika sindichulutsa, aliyense amadziwa kuti tsiku lotsegula belo umalawirira. Kungoti musatenge tonse ta saizi ya wobadwa kumene, anzanu onse abweretsa tomweto ndipo mwezi umodzi tathina. Tengani ta miyezi 3 mpaka 6, totsegula kutsogolo kapena kumunsi, osati todutsa kumutu khosi lili lothina, ndipo yesani mabatani ngati akutseka. Telala wanu uja ali ndi thumba la zidutswa za zitenje pansi pa makina, ena amangopereka, ena kandalama pang'ono. Kuzidula mofanana, kuzilumikiza, kumbuyo kuika bedishiti lofewa, mwapanga choyala chogonekapo mwana pakhonde choti mu shopu simungachipeze. Kapena chikwama cha kusikelo, chitenje ndi zipi basi, m'kati kathumba kosungira buku la kuchipatala kuti lisanyowe ndi matewera.

Tsopano chakudya. Apa ndiye ife a ku Mchinji tilibe chowiringula, mtedza ndi soya zili pakhomo. Mwana sadya kanthu mpaka miyezi 6, ndi bere lokha, kuyamwitsa mwakathithi kumene amatiuza kusikelo kuja, ngakhale madzi ayi. Ndiye woti timudyetse ndi mayi. Ufa wa phala ine ndimapanga motere: mbale 4 za chimanga chosakonola, mbale 1 ya soya, muyeso womwe uja wa Likuni Phala. Soya ndimasankha kuchotsa timiyala ndi wowola, n'kukazinga pa moto wochepa ndikutakasa osaleka mpaka atayamba kununkhira ndi kusweka khungu, osapsereza, chifukwa wosakazinga amanunkha chiwisi komanso amavuta m'mimba. Akazizira ndimapekesa m'manja, kupeta makoko, kusakaniza ndi chimanga, ulendo wa kuchigayo. Ufa ukabwerako ndimauyanika kaye uzizire ndisanautsekere m'chidebe, ukautsekera wotentha umachita nthunzi n'kuonongeka. Nsinjiro ndimaika padera m'botolo louma lotseka bwino, poti zili ndi mafuta, zikasakanizidwa ndi ufa wonse zimaupatsa fungo msanga.

Mtedza wake chonde sankhani umodziumodzi. Wofota, wakuda, wa chuku, tayani, osati zomati ukasinjidwa suoneka. Tili ndi chizolowezi choipa kuno, wabwino kugulitsa kwa mavenda, wotsalira pa lichero ndiye wa nsinjiro za pakhomo. Chuku cha mtedza ndi poizoni, sichitha ndi kuphika, ndipo chimatha kufika ngakhale mu mkaka wa m'mawere. Kuli bwino kabotolo kakang'ono ka nsinjiro zoyera kusiyana ndi chigubu cha zoola.

Chimera cha mawere nachonso ndi mphatso. Akuluakulu amati thobwa imachulukitsa mkaka, ndipo mayi woyamwitsa ludzu limamuvuta usana ndi usiku, ndiye chigubu cha thobwa sichibwerera chodzadza. Mfutso, mazira, usipa, nyemba, chilichonse chophika msanga. Nkhuku yachikuda ndiye yoposa zonse, kungoti kulowa nayo yamoyo pakati pa mabaluni ikulira anthu agwa ndi phwete, imeneyo kaperekeni kukhomo lakuseri tsiku lina.

Zina ndi zongotaya ndalama, zinanso zoononga. Botolo loyamwitsira musagule, kulitsuka bwino ndi kovuta makamaka kopanda madzi a pampopi, mathero ake ndi mwana kutsekula m'mimba. Paudala mwana amapuma fumbi lake. Mafuta onunkhira kwambiri amatulutsa tiziphuphu, Vaseline wamba akwanira. Chilichonse chopaka pamchombo asiyireni anamwino. Neti ya udzudzu ndi yofunika zedi, koma kusikelo amapereka ulele kwa oyembekezera, ndiye funsani kaye ngati analandira musanagule ina.

Mukakhala gulu, la kumpingo, la banki m'khonde kapena la kuntchito, ganizirani izi: anthu 15 aliyense K1,000 ndi K15,000. M'malo moonjezera mabaluni, ikani pa Airtel Money kapena Mpamba ya mayiyo, yochotsera yomwe, mumuuze mosabisa kuti iyi ndi ya galimoto kapena njinga yamoto matenda akayamba usiku, asaikhudze ngakhale mchere utatha. Amayi ambiri amachedwa kufika kuchipatala osati chifukwa chosadziwa, koma bambo ali kalikiliki pakati pa usiku kugogoda m'makomo kubwereka ya thiransipoti. Ikapanda kugwira ntchito imeneyo, idzawabweretsa kunyumba akatulutsidwa.

Ndipo ngati mulibiretu ngakhale K500, manja muli nawo. Muuzeni: "Asisi, mwezi woyamba Lachiwiri ndi Lachisanu kuchapa ndi kwanga, inu muzingogona." Kapena kutunga madzi ku mjigo m'mawa, kapena kutenga mwana wawo wamkulu kupita naye kusukulu ya mkaka ndi kukamutenga. Makamaka amene achira ndi opaleshoni saloledwa kunyamula zolemera masabata angapo, ndowa ya malita 20 pamutu ndiye ayi ndithu, koma mupeza akuchita chifukwa palibe wina. Kungoti mukalonjeza mubweredi, osati kulankhula mokoma pa maiki tsiku la shawa kenako foni osayankha. Ndipo pobwera musakhale mlendo woti akuphikireni tiyi, lowani, tengani beseni, yambani. Azibambo nawonso asathawe kuti shawa ndi ya azimayi, ngolo ya nkhuni, kathumba ka makala, kukhoma mitengo ya chingwe chija, zonsezo ndi zawo, alamu athu amve.

Chovuta chenicheni si mphatsoyo, ndi nthawi yotsegula ija. MC wanyamula maiki, "tiyeni tione asisi athu a ku ofesi atibweretsera chiyani," mafoni onse aloza pomwepo, wa sopo ndi chingwe akungolakalaka pansi patatseguka. Ine zanga ndimaika zonse mu beseni, matewera opinda bwino pansi, sopo, mapegi, botolo la nsinjiro, chidebe cha ufa, kenako ndimamanga ndi chitenje chija mfundo pamwamba monga timamangira nsima yopita kumunda. Pepala lokulungira mphatso sindigula, ndalama yogulira chinthu choti ching'ambidwe ndilibe. MC akamasula sindidikira kuti ayambe nthabwala zake, ndimayankha ndekha mokweza: "Matewerawo ndasoka ndekha, phalalo ndi soya wa m'munda mwanga." Kawirikawiri amene amayamba nthungululu ndi amayi akuluakulu okhala kumbuyo aja, oti analerapo ana asanu, atsikana akutsogolo akadali pa kamera.

Inunso okonza shawa tithandizeni. Zovala zofanana zikhale za ofuna, ndipo kutchula dzina la munthu potsegula mphatso iliyonse bwanji tikusiye, mwini wake akatsegule kunyumba, adziwa yekha wabweretsa ndani. Pali anzathu ambiri amene amangolemba pa gulupu kuti "pepani ndili ndi maliro kumudzi" pomwe chawathawitsa ndi tebulo lija, ndipo ndi omwewo amene akanabwera kudzachapa.

Za beseni zokha mugwirizaniretu pa gulupu kuti akugula ndani. Ku shawa ina kumpingo kwathu anthu anaganiza mofanana, mayi anabwerera kunyumba ndi mabeseni okhaokha osanjikizana, obiriwira, ofiira, abuluu, thewera ngakhale limodzi panalibe, mpaka amuna ake Lamulungu lotsatira anayamba kufunsa panja pa tchalitchi ngati alipo wofuna kusinthanitsa beseni ndi sopo.